Miyala Imakwera Sitima, Nanga Ife?

Anzanga, mwina inu anakuuzaniko. Akuti ku London sitima zonyamula anthu zinayamba kuyenda pansi pa nthaka mu 1863. Ku Johannesburg nako Gautrain inatsegulidwa mu 2010, ndipo imadutsa kunsi kwa Sandton ndi Rosebank ngati mfuko. Akatswiri amati ntchito yotere ndi sukulu, mzinda umaphunzira uku ukukumba. Sindikutsutsa. Koma sukuluyi, ife a ku Kitwe sitinailowe kalekale?

Mgodi wa Nkana unayamba kutulutsa kopa mu 1932, tauni n'kubwera pambuyo mu 1936. Pansipo pali njanji, palinso sitima zokoka miyala. Anaziyala ndani njanjizo? Si agogo athu omwe anabwera kudzafuna ntchito kuchokera ku Chipata, ku Luapula ndi ku Nyasaland? Lero mwala umakwera sitima, woukumba n'kumakapanikizana m'minibasi pa msika wa Chisokone. Mwalawo tikiti unagula kuti?

Akuti chovuta pansi ndi madzi. Zoona, ngakhale Gautrain madzi anailowerera mpaka boma ndi omanga anakokerana ku milandu. Koma mgodi wa Konkola ku Chililabombwe si umodzi mwa migodi ya madzi ambiri padziko lonse? Amene amapopa madziwo usana ndi usiku si anzathu omwewa? Akutinso pansi pamaopsa. Akuuza ndani? Ku Mufulira mu 1970 matope anagumukira mumgodi n'kupha anthu 89. Phunziro lowawa chotere anakalisunga m'kabati ya yani?

Pa Copperbelt University, imene inakhazikitsidwa mu 1987, ana athu amaphunzira za migodi. Kodi mwala umasintha mtima ukamva kuti njira ikukumbidwayo n'njodutsamo anthu? Nzeru yokumba ndi ya kampani, kapena ya munthu wogwira chitsulo? Akamudula ntchito, nzeruyo amaisiya pageti pamodzi ndi chisoti?

Pomaliza akuti sitima yapansi imadya ndalama zankhaninkhani, ndipo n'njoyenera mizinda yothinana kumene pamwamba malo anatha. Ife malo tili nawo. Apa ndamva ndithu. Ndiye yapamwambayo ili kuti? Njanji inafika ku Ndola mu 1909, ndipo pambuyo pake inakafikanso ku Kitwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 60. Bwanji wantchito sakwera sitima m'mawa n'kubwerera nayo madzulo? Pansi akuti sitinaphunzire. Nanga pamwamba mayeso tinalephera chaka chiti, ndipo anachonga ndani?