Ndinawoloka nyanja kukakoleza moto

Pamudzi pathu anthu amanditchula kuti "wa ku America", ndipo sindikana. Dzinali limandipezetsa mpando pa maliro ndi ntchafu ya nkhuku pa chinkhoswe. Chimene sadziwa n'chakuti ku Americako ndinkagona m'kanyumba ka matabwa m'nkhalango ya ku Maine, pamodzi ndi tianyamata ta zaka 10 timene tinkandidzutsa pakati pa usiku kuti nditiperekeze kuchimbudzi.

Ndinapita kukayang'anira ana pa kampu ya tchuthi pa visa ya J-1, imene inabadwa ndi lamulo la Fulbright-Hays la mu 1961, lofuna kuti anthu a mitundu yosiyana adziwane chikhalidwe. Nthawi imeneyo bungwe lokutenga linkakutumizira pepala la DS-2019, unkalipira madola 35 a SEVIS, kenako ndalama ya visa, ndiye n'kupita kwa kazembe kukatsimikizira kuti udzabwerera kwanu. Ine ndinatchula amayi, munda ndi mbuzi zathu zonse, kuphatikizapo imene inali itagulitsidwa kale kuti ndilipirire mafomuwo. Woyang'anira ana pa kampu amaloledwa kugwira ntchito miyezi yosaposa inayi, ndipo malipiro ake eni akewo amangowatchula kuti ndalama ya m'thumba. Amalume zimenezo sanamve. Anamva liwu limodzi lokha, madola, ndipo madzulo omwewo anayamba kuwerenga malata amene nyumba yawo ingafune.

Tsono imvani zimene ndinakapeza. Makolo a kumeneko amalipira madola masauzande kuti mwana wawo, sukulu zikatsekera mu June, akakhale kutchire, foni atamulanda, azigona mothithikana ndi anzake, azisamba m'nyanja ndi kuotha moto usiku. Abale anga, moyo umene ndinkauthawa kwathu ku Dedza ndinakaupeza ukugulitsidwa pa mtengo wa galimoto. Agogo akanadziwa kuti umphawi wathu uli ndi msika, bwenzi pano tili ndi chigayo.

Pa moto pokha ndinali dolo. Anzanga a ku England ndi ku Australia ankalimbana ndi machesi mpaka bokosi kutha, ine kungosanja tinkhuni, kuuzira kawiri, moto lawilawi. Ana anawomba m'manja, mkulu wa kampu n'kundipempha kuti ndiphunzitse ena lusoli. Luso limene kwathu mwana wa sitandade 2 akalephera amamuseka mudzi wonse! Koma makala atapsa bwino, oyenera mbatata kapena chimanga chachiwisi, anatulutsa tinthu toyera tofewa totchedwa marshmallow, n'kutibaya pa kamtengo, kuwawula, kenako kupanikiza pakati pa mabisiketi ndi chokoleti. Amati s'mores. Ndinadya ndithu, ulemu wa mlendo, koma mtima unkandiwawira makalawo.

Kumadzi ndiye kunandivula ulemu. Atamva kuti ndine wa ku Malawi, dziko la nyanja, anaganiza kuti ndinabadwira m'bwato. Ine wa kumapiri, madzi ndimawadziwira mu ndowa. Atatiyesa kusambira, anandiveka jekete loyandamitsa n'kundiika m'gulu la ana ongoyamba kumene, pamalo pofika m'mawondo. Kamtsikana kena kopanda mano akutsogolo kanandigwira dzanja n'kundiuza kuti ndisaope, kali pompano.

Mtedza wokazinga umene amayi anandimangira m'kathumba unatsala pang'ono kuyitanitsa ambulansi. Pa kampupo mtedza unali woletsedwa, poti ana ena thupi lawo limadana nawo moti akangoulawa pakhosi pamatupa, mpweya n'kubanika, ndipo namwino amasunga jekeseni wa EpiPen pafupi nthawi zonse. Thumba langa analinyamula atavala magolovesi. Madzulo aliwonse tinkakumbutsanso ana kuti adzifufuze nkhupakupa, chifukwa za kumeneko zimafalitsa matenda a Lyme. Ndinafunsa ngati pali dibi pafupi kuti tingowalowetsamo onse kamodzi. Palibe anaseka.

Chimene chinandikulira n'chakuti mwana sumukalipira, ndipo za kamkwapulo usaziyerekeze n'komwe, ungakwere ndege mawa lake. Akamalira kuti wasowa amayi ake, iwe wamkulu umagwada kuti maso anu alingane, n'kumufunsa mmene akumvera mumtima. Kwathu amagwada ndi mwana. Kumeneko ndinagwadira kamnyamata kamene kankanditchula dzina langa lenileni, mopanda ngakhale "a" kutsogolo, kwinaku kakundilamula kuti ndikafufuze sokosi yake. Choseketsa n'chakuti pofika mu August, tsiku lotsanzikana, amene analira kwambiri pa basi sanali mwana ayi.

Mbali yanga ya kusinthana chikhalidwe ndinaikwaniritsa. Ndinakumba maenje a bawo pansi pa mtengo, ndipo pasanathe sabata ana anayamba kundidya nkhomo zonse. Usiku wa zakudya za m'mayiko ndinaphika nsima ndi ufa wachikasu umene ndinaupeza kukhitchini, mthiko wake supuni yaikulu. Inatuluka ya mibulu, koma ndani akanadziwa? Ndinawaonetsa kutema mbamu ndi kuumba m'manja. Mwana wina anaiyang'ana, anapempha foloko, n'kuithira manyuchi a mtengo wa maple. Ndinangoyang'ana kumwamba kupepesa mizimu ya makolo.

Ntchito ikatha amakupatsa masiku 30 oti uone dzikolo usanatuluke. Ndinapita ku New York, kumene ndalama ya m'thumba ija inasungunuka ndisanaione bwino nkhope. Ndinafika kumudzi ndi chikwama cha malaya olembedwa dzina la kampu, ndi tizibangili taulusi tambirimbiri timene ana anandilukira. Amalume anabwera m'mamawa, tepi yoyezera denga ili m'thumba. Ndinawapatsa chibangili chofiira ndi chobiriwira. Anachitembenuza, anafunsa ngati mkati mwake muli golide, kenako anakachimanga pa mwendo wa tambala wawo kuti asamasokonezeke ndi wa a Phiri.