Tsiku Limene Ndinafufuta Amayi Apampando

Ku Kalingalinga sadikira kuti munthu amalize sukulu asanamuveke udindo. Nditangofika kuchokera kwathu ku Katete, ndili ndi chikwama cha ukwa ndi kalata yondiitana ku yunivesite, azakhali anandizungulitsa khomo ndi khomo kuti anthu aone "injiniya wathu". Mlungu usanathe, owotcherera mageti m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata anali atayamba kundifunsa za makulidwe a zitsulo, ndipo mayi wa pakantemba ankandipatsa shuga pangongole osalemba n'komwe. Ine ndinali mwana wa chaka choyamba, wongolimbana ndi masamu ndi fizikisi. Dzinalo ndinalilandira ndi manja awiri.

Pamaphunziro onse, limene linandilowa m'mutu linali lolemba mapulogalamu a kompyuta. Kusekondale tinkaunjikana gulu pakompyuta imodzi, wina kugwira mausi, enafe kumangolozera ndi zala. Tsopano ndinafunika yangayanga. Ndinagula laputopu yakale kwa mkulu wina mumsewu wa Katondo, amene analumbira kuti batire yake imatha tsiku lonse. Imatha nthawi yophikira tiyi.

Chakacho chinali 2024, ndipo amene anali mu Lusaka akudziwa tanthauzo lake. Mvula inakana, pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse, madzi kudamu la magetsi la Kariba anatsika, ndipo pofika September malaiti ankazima maola 17 kapena kuposa patsiku. Akabwera pakati pa usiku, komboni yonse inkadzuka. Owotcherera ankayatsa makina awo, amayi ankasita, mafoni ankapanikizana pasoketi imodzi, ine ndili pakona kutayipa zimene ndinalemba papepala masana. M'mawa ndinkalowa m'kalasi maso ali psuu.

Tinkaphunzira Python, chinenero chimene Guido van Rossum wa ku Netherlands anatulutsa mu 1991. Aphunzitsi athu, amene ndilibe nawo mlandu uliwonse, anatichenjeza tsiku loyamba kuti kompyuta ili ngati mwana womutuma amene saganiza: ukati akagule mchere, ngakhale aone nyumba ikupsa, iye abwera ndi mchere. Anatiuza kuti tiphatikize 0.1 ndi 0.2. Makina anayankha 0.30000000000000004, kalasi yonse phwete. Anafotokoza kuti kompyuta imasunga nambala ndi 0 ndi 1 zokha, ndipo mwanjira imeneyo 0.1 satha, monga mmene 1 kugawa ndi 3 amapitirira 0.333 osafika pamapeto, choncho imadula penapake n'kusiya kachenjere. Anatisimbiranso za roketi ya Ariane 5, imene pa 4 June 1996 inaphulika patangopita masekondi pafupifupi 40 itanyamuka ku Kourou, chifukwa nambala ina inakula kuposa malo amene anaikonzera m'pulogalamu. Ine ndinaseka kuposa onse. Ndinati mumtima, azungu ophunzira chonchi, kulephera kanthu kakang'ono ngati kameneka?

Tsiku lophunzira mindandanda ndinagona. Ndinakhala kumbuyo, mutu pakhoma, ndipo ndinadzuka anzanga akutuluka. Zimene ndinaphonya n'zakuti Python imayamba kuwerenga pa 0. Chinthu choyamba pamndandanda chili pamalo 0, chachiwiri pamalo 1, chifukwa nambalayo imanena masitepe ochokera poyambira, ndipo woyambayo sanayende sitepe iliyonse. Katswiri wina, Edsger Dijkstra, anachita kulemba kapepala mu 1982 kuikira kumbuyo kawerengedwe kameneka. Pofuna kubweza zimene ndinataya, ndinagula bando ya usiku n'kumaonera mavidiyo pa YouTube. Mwatsoka mphunzitsi amene ndinamukonda ankaphunzitsa MATLAB, imene imayambira pa 1 monga timawerengera anthufe. Zinenero ziwirizo zinasakanizika m'mutu mwanga ine osadziwa.

Azakhali ndi mlembi wa gulu la village banking la amayi 24 a m'Kalingalinga ndi Mtendere. Si chilimba, chimene mumangosonkha n'kupatsa mmodzi mwezi uno, wina mwezi wamawa. Apa aliyense amaika zimene angathe mwezi ndi mwezi, amabwerekana ndalamazo n'kubweza ndi chiwongoladzanja, ndipo mu December amagawana zonse, aliyense molingana ndi zimene anaika. Kuwerengera kwake kunkawadyera azakhali mausiku angapo. Ankakhala pakhonde ndi buku lachikuto cholimba, mizere yojambula ndi rula, kakakyuleta ka pafoni, kandulo womata pasosa, akunong'ona manambala n'kufufuta ndi chala chonyowetsa malovu. Nditawaona choncho ndinamva chisoni chosakanikirana ndi matama.

"Azakhali, zimenezo n'zachikale. Ine ndikupangirani m'masekondi."

"Ndi ndalama za anthu izi, mwana wanga."

"N'chifukwa chake zifunika kompyuta. Kompyuta siinama."

Mawu omalizawo ndinawabwerezanso pamsonkhano wa November, pamaso pa amayi onse, ndipo anawasunga bwino.

Pulogalamuyo inali yaifupi. Ndinalemba mayina 24 pamndandanda umodzi, ndalama zimene aliyense anaika pamndandanda wina, monga mmene zinalili m'buku, amayi apampando pamwamba penipeni. Kenako lupu, kanjira kobwerezabwereza, koyamba kophatikiza zosunga za onse, kachiwiri kopatsa aliyense gawo lake la ndalama zimene zidzapezeke patebulo. Ndinaiuza kuti iyende kuchokera pa 1 kukafika pa 24. Inakana. Inatulutsa mawu ofiira, IndexError, kutanthauza kuti ndaituma pamalo 24 pamene mndandanda wathera pa 23. Apa munthu wanzeru akanaima n'kudzifunsa kuti ngati anthu ali 24 koma malo otsiriza ndi 23, wotsalayo wakhala pati. Ine ndinangoona kuti malaiti atsala pang'ono kupita. Ndinachepetsa mapeto ndi 1, mawu ofiira anasowa, mayina anayenderera pasikirini, ndipo ndinadzimenya pachifuwa.

Musaganize kuti sindinayese. Ndinaphatikiza magawo onse kuti ndione ngati akufanana ndi ndalama zogawidwa, ndipo anafanana mpaka ngwee. Aphunzitsi ankatiuza kawirikawiri kuti pulogalamu iliyonse tiziyamba taiyesa ndi anthu atatu ongopeka, n'kuwerengeranso ndi pensulo. Zimenezo ndinaziona ngati za ana osakhulupirira nzeru zawo.

Tsiku logawana linali Loweruka, kutentha kwa mtima bii. Amayi anabwera atavala chitenje chofanana. Kuseri nkhuku zinali pambaula, mabotolo a Fanta ali m'beseni la madzi. Patebulo anayala nsalu yoyera, n'kukhuthulirapo ndalama za m'bokosi la makiyi atatu: ma K100 omangidwa ndi malabala, ma K50 ofewa ngati sanza, ma K2 onunkha kapenta ndi mafuta a vitumbuwa. Anawerenga kawiri mokweza, zinakwana K120,000. Ine ndinali nditavala shati yoyera, laputopu nditaitchajitsa kwa wometa tsitsi amene ali ndi sola. Ndinatayipa nambalayo, n'kudina batani ndi chala chimodzi kuti onse aone kupepuka kwake.

Ndinayamba kuitana mayina. Mayi wogulitsa salaula, amene ankayembekeza K4,500, anamva K5,000. Anafunsa kuti ndibwereze, ndinabwereza, nthungululu inalira. Wotsatira nayenso yake inakwera, winanso chimodzimodzi. Azakhali anatsegula buku lawo, chala chikuyenda pamzere, nkhope itakwinyika.

"Mwana wanga, zachulukatu izi."

"Ndi compound interest, azakhali. Buku silingaione."

Mawuwo ndinali nditawamva kamodzi m'kalasi, ndipo apa sankakhudzana ndi kalikonse, koma Chingerezi chotuluka m'kamwa mwa injiniya chimatseka pakamwa anthu. Azakhali anatseka buku. Maenvelopu anapita limodzilimodzi, amayi akuvina pobwerera pampando, wina anandipachika K20 m'thumba la shati. Ena sanadikire nkhuku. Anathamangira kukabuthi ka mobile money kukatumiza ya feteleza kumudzi, wina anakwera basi ya kumsika wa Soweto kukaoda katundu wa Khrisimasi. Dzina lotsiriza litaitanidwa, patebulo panatsala malabala okha. Ndinaimirira kuti ndilandire m'manja.

Mwambo wa gululo ndi wakuti amayi apampando amalandira pomalizira. Iwo ndi ogulitsa malasha, ndipo chaka chopanda malaiti chinali chawo, chifukwa ngakhale a kumayadi ankaimika magalimoto pakhomo pawo kufuna thumba. Anali ataika ndalama zambiri kuposa aliyense, gawo limodzi mwa magawo khumi a zonse. Nthawi yonseyi anakhala phee pampando wawo wapulasitiki, manja ali pamimba, akumwetulira ena akamavina. Tsopano anayang'ana tebulo, anayang'ana ine.

"Manje a injiniya, yanga ili kuti?"

Ndinayendetsa mndandanda kupita kumwamba. Dzina loyamba pasikirini linali la achiwiri awo. Ndinawerenga mizere ndi chala, inali 23. Pomwepo batire inatha, sikirini inada, ndipo ndinadziona nkhope yanga mmenemo, pakamwa pali yasa.

Amayi apampando anali pamalo 0. Lupu yanga inawadumpha pophatikiza, inawadumphanso pogawa, choncho K12,000 yawo inamwazikira mwa anzawo 23 mwadongosolo labwino kwambiri, aliyense molingana ndi zimene anaika. N'chifukwa chake chiwerengero changa chinkafanana mpaka ngwee: ndalama sinasowe ndi imodzi yomwe, anasowa ndi munthu.

Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangofunsa kuti, "Mwana wa kwa ndani uyu?" ngati kuti sanadyepo nsima pakhomo pathu. Azakhali anagwada pafumbi ndi chitenje chawo chatsopano. Mayi wina kumbuyo anati ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo, ena anaseka atagwira maenvelopu awo molimba. Ndinayesa kufotokoza za 0 ndi 1, mpaka kutchula MATLAB, koma azakhali ananditsina pamwendo.

Usiku womwewo, pakandulo uja, buku lachikuto cholimba linapeza mumphindi zochepa zimene zinafunika: aliyense abweze gawo limodzi mwa magawo khumi a zimene analandira. Wa K5,000 abweze K500. Kunena n'kosavuta. Kutulutsa ndalama imene yalowa kale m'nyumba mu December, chaka cha njala, ndi nkhani ina. Tinayenda ine ndi azakhali m'tinjira ta Kalingalinga mpaka Mtendere, kulumpha ngalande, kuodira pakhomo lililonse, iwo patsogolo ndi buku, ine pambuyo ngati mbuzi yopita kumsika. Ambiri anabweza, ena akuseka, ena akung'ung'udza. Wa salaula anati abweza akagulitsa belo. Wina anatilozera matumba awiri a ufa pakona n'kunena kuti tinyamule ngati tikufuna. Amene sindidzamuiwala ndi gogo wina wa ku Mtendere, amene anatiyalira mphasa, kutipatsa madzi akumwa, kumvetsera zonse mpaka kumapeto, kenako n'kunena modekha:

"Koma mwanawe, unanena wekha kuti kompyuta siinama."

Sanabweze, ndipo kunena zoona anali ndi mfundo. Kompyuta sinaname. Inachita zimene ndinaituma.

Zotsalazo zinagwera ine. Anzanga atapita kutchuthi, ine ndinali pamalo a amayi apampando kutsitsa matumba a malasha m'lole, kuwaphwatula n'kuika m'timapulasitiki togulitsa, shati yoyera ija itasanduka yotuwa mpaka lero. Owotcherera mageti akandiona ndikukankha wilibala ankakuwa kuti, "A injiniya, yambirani pa ziro!" Mayi wa pakantemba anagula kabuku kolembamo ngongole, ndipo dzina loyamba ndi langa.

Mayeso a phunzirolo ndinakhoza, ngakhale movutikira. Funso lina linali lopeza cholakwa mu lupu yodumpha chinthu choyamba pamndandanda, ndipo ndinaliyankha ndisanamalize kuliwerenga. Gulu la amayi linawonjezera lamulo latsopano patsamba loyamba la buku, lakuti pogawana ndalama makina aliwonse oposa kakakyuleta azikhala kunja kwa geti. Laputopu ili kwa amayi apampando ngati chikole, adzukulu awo amaonerapo makatuni malaiti akabwera, ndipo ngongole yanga yatsala K1,300.