Kalumo ka Mlendo

Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Ankanena za munthu wapaulendo amene wapeza mlandu wavuta pabwalo, n'kuponyapo mawu awiri, nkhani n'kuthera pompo. Malangizo ake anali oti tisamanyoze munthu chifukwa choti sitikudziwa kwawo. Sanadziwe kuti zidzukulu zawo zidzautenga mwambiwu n'kuusandutsa ndondomeko ya chuma cha dziko, moti kuyambira 1964 tili chikhalire pakampando, nsalu ili m'khosi, mutu tapendeketsa, kudikira kuti lero adzatimeta ndani.

Tisanamizane, timalumo tina n'takuthwadi. Amene anaona mmene okhoma mabokosi a maliro ankapangira ndalama chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 sangaseke nkhani ya ma ARV, omwe anayamba kuperekedwa ulele m'zipatala zaboma mu 2004 ndi ndalama za Global Fund. Anthu omwe achibale anali atayamba kale kuwagawanira mbuzi anadzuka, ananenepa, ena anakwatiranso. Pamenepo mwambi uja unanena zoona, ndipo sindikufuna kukangana nawo.

Chomwe akuluakuluwo anaiwala kutiuza n'chakuti mlendo aliyense amabwera ndi kametedwe kake, ndipo safunsa mwini mutu. Kamuzu atafuna kusamutsa likulu kuchoka ku Zomba, kalumo anakakabwereka ku South Africa ya tsankho, mayiko anzathu akutiyang'ana cham'mbali, ndipo mu 1975 Lilongwe inakhala likulu. A ku Taiwan anatimeta kwa zaka zoposa 40, anatimangira chipatala chachikulu cha Mzuzu, mpaka kumapeto kwa 2007 pamene boma la Bingu linawauza kuti zikomo, kwafika mlendo wina wa chikwama chachikulu. Msewu wa Karonga-Chitipa, omwe a Taiwan anali atayamba kuuthandiza, anadzaumaliza ndi a China, omwenso anatimangira Nyumba ya Malamulo ndi bwalo la zamasewero la Bingu. Wometa wina anasiyira pakhutu, wina anadzapitiriza, mwini mutu ali phee.

A World Bank ndi IMF ndiye anabwera ndi kametedwe kamodzi kokha ka mitu yonse: mpala. M'zaka za m'ma 1980 anati boma lachulutsa tsitsi, ADMARC ichepetse misika, feteleza asiye kutsitsidwa mtengo, makampani aboma agulitsidwe. Tinaweramitsa mutu. Mu 2005 Bingu anakana, anagawa makuponi a feteleza alendowo akuchita tsinya, ndipo chimanga chitachuluka alendo ena anabwera ndi zolembera kudzafunsa kuti mwatani kodi. Kuti makuponiwo pambuyo pake anameza gawo lalikulu la bajeti ya zaulimi, ena n'kumathera m'matumba a mavenda, imeneyo ndi nkhani yathu, tidzakambirana mlendo akapita kogona. Koma amene wametedwa kwambiri pa tonsefe ndi kwacha. Inametedwa mu 2012, inametedwanso ndi 25 peresenti mu May 2022, tsitsi lisanamere n'komwe kalumo kanadutsanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Panopa kwachayo ikangomva kuti nthumwi za IMF zatera pa bwalo la ndege la Kamuzu, imayamba yokha kugwira kumutu.

Mlendo akakwiya amapinda kalumo n'kukabwezera m'thumba. Mu 1992 mayiko otithandiza anaimitsa thandizo lachitukuko chifukwa cha nkhanza za boma la chipani chimodzi, ndipo chaka chotsatira tinali pamzere wa riferendamu kusankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda. Mkwiyo umenewo tinauombera m'manja. Mu 2011 Bingu anathamangitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, a ku London anaimitsa thandizo la bajeti, ndipo fodya asakuyenda bwino kuokushoni, ndalama zakunja zinauma. Chaka chimenecho bambo wolemekezeka ankadziwika ndi kuchuluka kwa zigubu m'buti, ndipo maukwati ena anagwedezeka chifukwa "ndinagona pamzere wa mafuta" inali yankho lomwe mayi sakanatha kulitsutsa. Mu 2013 ndiye mlendo analibe mlandu. Ndalama zaboma zinapezeka m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba za anthu a malipiro ochepa ku Capital Hill, mabiliyoni atalipidwa ku makampani omwe sanagulitse ngakhale pensulo. Alendo, omwe ankathandiza pafupifupi 40 peresenti ya bajeti, anaimirira n'kuvala nsapato. Nkhani imeneyi, yotchedwa Cashgate, inasonyeza kuti luso lometa tili nalo ndithu, kungoti timametera dziko lathu lomwe, usiku.

M'zaka zonsezi pali ntchito imodzi yomwe taiphunzira mpaka kuposa aphunzitsi athu, ntchito yolandira mlendo. Tikudziwa kuti msonkhano wokambirana za njala ya ku Nsanje suyenera kuchitikira ku Nsanje. Umakoma ku Mangochi kapena ku Salima, m'mbali mwa nyanja, kapena ku Mponela, komwe kwatalikirana ndi Lilongwe mokwanira kuti alawansi yogonera ituluke koma kuli pafupi mokwanira kuti munthu akagone kunyumba kwake. Tikudziwa kuti pepala lofunika kwambiri pamsonkhano ndi losainira lija, ndipo bwana amene anasowa tsiku lonse amatulukira nthawi yake yeniyeni, cholembera chili kale m'manja. Kumudzi nakonso anthu sagona. Galimoto yoyera ikangokhota, gule wayamba, amfumu avala mkanjo, ndipo komiti yomwe dzulo inali ya nkhalango lero ndi ya ukhondo, mawa ya ufulu wa atsikana, anthu ake omwewo, angosintha matisheti. Mlendo akafunsa kuti vuto lanu lalikulu n'chiyani kuno, anthu amayamba awerenga zolembedwa pachitseko cha galimoto. Pakalembedwa za madzi, mudzi wonse uli ndi ludzu. Pakalembedwa za mbuzi, ndiye kuti chiyambire makolo athu chomwe chimatisowa ndi mbuzi. Ine sindiwaweruza. Munthu wosauka amene amauza mlendo wa mbuzi kuti tikufuna mlatho amatsala wopanda mlatho, wopandanso mbuzi.

Chotsalira mlendo akapita ndi chikwangwani. Malawi ndi dziko lolemera zikwangwani. Pamphambano imodzi mupeza zisanu, china chadzimbiri, china chapendama, chilichonse chikulengeza ntchito ya zaka zitatu yomwe inatha kale, ndipo mbuzi zomwe zija zikusangalala ndi mthunzi wake. Nthawi ina kunabwera mijigo ya PlayPump, yomwe inkapopa madzi ana akamasewera pa chozungulira. Pachithunzi zinali zokongola. Koma ana amatopa, amapita kusukulu, ndipo madzi amafunika mbandakucha, choncho amene ankazunguza chidolecho anali amayi, ena agogo, chitenje chili m'chiuno. Chikawonongeka, pamudzi panalibe wodziwa kuchikonza. Pomwe mjigo wamba wa Afridev, womwe unapangidwa dala kuti anthu akumudzi azitha kuumasula okha, umafa pa chifukwa china: kalabala kotsika mtengo katha, ndipo msungichuma wa komiti ya mjigo anabwereka ndalama zija pa maliro a apongozi ake.

Akuluakulu omwe aja anatinso mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambi umenewu sitiukonda, sitiulemba pa zikwangwani. Mu January 2025 Donald Trump anasaina lamulo loimitsa thandizo la America kwa masiku 90, ndipo pofika July bungwe la USAID linali litatsekedwa. Mlendo ameneyu sanakwiye nafe, sitinathamangitse kazembe wake, sitinamubere. Kwawo kunangosintha mwini nyumba. Ogwira ntchito m'mabungwe ndi m'zipatala analandira makalata oti aime kaye, galimoto zoyera zinaimikidwa, ndipo amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku anayamba kuwerenga mapilitsi otsala m'botolo. Amene anametedwako kubabashopu magetsi n'kuzima makina ali pakati pa mutu akudziwa mmene dziko linaonekera: kutuluka panja manyazi, kukhala pampando palibe chikuchitika.

Pepala lonolera kalumo kathu tili nalo. Masomphenya a 2020 anati pofika chakacho tidzakhala dziko la chuma chapakatikati. 2020 inafika, inatipeza tikufunafuna ndalama zakunja zogulira feteleza ndi mafuta. Mu January 2021 tinakhazikitsa Malawi 2063, yolonjeza dziko lolemera ndi lodzidalira kudzera mu ulimi wamalonda, mafakitale ndi mizinda. Ubwino wa chaka cha 2063 ndi wakuti ambiri mwa osaina sadzakhalapo kuti adzafunsidwe. Pakadali pano amene akuoneka kuti anayamba kale kudzidalira ndi amayi a banki m'khonde, omwe sanawerengepo pepalalo. Amasonkha zawo, amabwereketsana pa chiwongoladzanja chomwe IMF ingachite nacho mantha, wochedwa pamsonkhano amalipira chindapusa m'malo molandira alawansi, ndipo mu December amagawana popanda nthumwi yochokera ku Washington.

Ife a mataye tikadakonzekera. Pakufunika msonkhano waukulu wa masiku atatu wokambirana mmene tingakhalire popanda thandizo lakunja. Hotela ilipo, mitu ya nkhani ndi yosavuta kulemba, matisheti tasankha obiriwira. Tsiku lokha ndi lomwe sitingalengeze, chifukwa kalata yopempha ndalama zoyendetsera msonkhanowo sinayankhidwe.