Galimoto ya Abwana Simwa Mafuta

Bwana wina wa ku Area 43 ku Lilongwe waitanitsa Mercedes-Benz EQS, ija yoyendera magetsi okhaokha imene inatuluka mu 2021. Tsiku loyamba dalaivala wake, mdala woti anayamba kugwira chiwongolero nthawi ya Kamuzu, anakhala pampando n'kudina batani. Zii. Anadikira. Zii. Anatsitsa galasi n'kuitana mlonda ndi mnyamata wa m'maluwa: "Tabwerani mukankhe, batire lafera m'njira." Abwana anati, "Madala, yalira kale imeneyo, ingoikani giya." Mdala uja anatchera khutu kanthawi, n'kupukusa mutu. "Bwana, kumeneku kwathu sitimati kulira. Timati kudandaula chamumtima."

Woyamba kuona zakuda anali mlonda. Kale ankaimva Land Cruiser ya abwana ikadali kutali, n'kudzuka, kupukuta kumaso, kuvala chipewa, abwana pofika n'kumupeza ali chilili pageti. Tsopano amangodzidzimuka nyali zili kumaso iye ali m'bulangete. Atamupeza kachitatu, abwana anamuuza kuti afotokoze. "Bwana, magonedwe anga ndi omwe aja a zaka zonsezi, ine sindinasinthe kanthu. Yopanda khalidwe ndi galimotoyi. Ifika bwanji pakhomo pa anthu osaodira?"

Tiyeni kotsukitsa. Abwana anaikiya n'kupita kukagula tchipisi pachiwaya. Mnyamata wotsuka anabwera ali wefuwefu: "Bigi, ndisanaikhudze n'komwe, bwerani muone nokha. Zotsegulira zitseko zonse zinayi zabedwa, ndipo ine ndangofika kumene." Abwana anayandikira kiyi ili m'thumba, zotsegulira zija n'kutuluka zokha m'zitseko momwe zimabisala. Mnyamata anayang'ana uku ndi uku, n'kutukumula chifuwa. "Mwaona, bigi? Pano anthu amandiopa. Abweza."

Nthawi ya kusowa kwa mafuta ija, mdala dalaivala anatumidwa kukagula buledi m'mawa. Dzuwa linapendeka asanabwere. Anakapezeka pamalo omwetsera mafuta, EQS ili pakati pa minibasi ndi Probox, atatsala pang'ono kufika pa pampu. Womwetsa mafuta anatsegula kachitseko kakumbuyo, n'kupeza timabowo ta soketi. "Madala, iyitu simwa mafuta." Mdala anati, "Ndikudziwa, mwana wanga. Koma mzerewu umayenda. Munthu wanzeru zake angaudutse mzere woti ukuyenda?"

Potuluka pamenepo anathamangiridwa ndi mnyamata wa zigubu. "Bigi, petulo alipo, wosasakaniza!" Mdala anatsitsa galasi: "Iyi ndi yamagetsi." Mnyamata sanaphethire n'komwe. "Magetsi malita angati? Imani pompo, pali mnzanga ali nawo."

Ku Biwi nako kunachitika zake. Abwana anangodutsirako kuti makaniko wawo wakale aione. Makaniko anafunafuna kokokera boneti, osakupeza, poti boneti ya EQS saipanga kuti mwini wake azitsegula yekha. Anayala katoni, n'kukwawira kunsi ndi sipana kukamwa. Kunsi kuli see, kulibe ekizosi, kulibe potulutsira oilo wa injini. Anatuluka nkhope ili ndwii, n'kuwatengera abwana pambali kuti ophunzira ntchito asamve. "Bwana, mulimbe mtima. Anakuberani injini m'njira. Koma musadandaule, ya Corolla ndili nayo, mawa tiika."

Imvani ya kunyumba. Buku la galimoto likuti pa tchaja yamphamvu, ija ya makilowati 200, batire limachoka pa 10 kufika pa 80 peresenti m'theka la ola. Abwana analumikiza pa soketi ya m'galaja, yomwe ija ya ayironi, n'kuuza adona kuti akonzeke, akangomaliza kusamba anyamuka. Adona anasamba, anadzola, anaphika, anadya, anagona, anadzuka, anasambanso. Soketi ya m'nyumba imapereka mayunitsi awiri ndi kachidutswa pa ola, pamene batirelo limameza pafupifupi 108. Usiku wachiwiri mita inayamba kulira kuti mayunitsi atha. Adona anakhala tsonga pabedi. "Bambo a Junior, tanenani zoona. Mwabweretsa mkazi wachiwiri pakhomo pano. Ali ndi chipinda chakechake, wadya mayunitsi a mwezi wonse masiku awiri, inu mukudzuka pakati pa usiku kukamuzonda, ndipo mpaka lero sanaphikepo."

Tsiku lina abwana anadzuka ali ndi msonkhano, n'kupeza chingwe chili pansi, batire lili pa 12 pomwe analisiya. Pa soketi pali kafoni kamabatani komanga ndi labala. Anaitana mtsikana wantchito. "Ndiwe wazula ichi?" Mtsikana anagwada mwaulemu. "Eya, bambo. Yanuyo inali pa 12, yanga inali pa 3. Ndinaona amene wavutikitsitsa."

Magetsi atathima masiku angapo, abwana anagula jenereta yaikulu. Mdala dalaivala anabwereranso pamzere uja, ulendo uno wapansi, chigubu chili pamutu. Madzulo Area 43 yonse inali utsi ndi phokoso, EQS ili phee m'galaja ikutchaja. Aneba anasuzumira pampanda: "Achimwene, paja munkati yanuyi simwa mafuta?" Abwana anakuwa kuti amveke: "Simwa! Amaimwera ndi jenereta!"

Ana a m'deralo ali ndi mwambo wawo, magetsi akabwera amathamanga m'misewu akukuwa kuti "Ayaka! Ayaka!" Sabata yatha atayamba kukuwa anazindikira kuti pali mawu ena a besi amene akuwatsogolera. Anacheuka. Bwana wa masuti uja, taye ili paphewa, chingwe chili m'manja, wawapitirira onse. Mwana wina anakamuuza mayi ake akulira: "Amayi, bambo ake a Junior atilanda ntchito."

Kunabwera agogo kuchokera ku Mchinji. Anawatsegulira chitseko chakutsogolo. Anaona mipando yachikopa, kapeti, timagetsi tamitundumitundu, ndi sikirini ya masentimita 141 yoyambira chitseko ichi kukafika icho. Anavula nsapato n'kuzisiya panja, kulowa chogwada, kukhala bwinobwino manja ali pamiyendo. Anadikira mphindi zingapo, kenaka anatsokomola. "Pabalaza pano mwakonza bwino, ana anga. Nanga galimoto mumanena ija ili kuti?"

Apongozi a abwana nawo anakwera, kumbuyo pamodzi ndi mwana wawo. Kunali kwa June, kukuzizira. Abwana anangoti "Hey Mercedes," n'kudandaula m'Chingerezi kuti akumva kuzizira. Mawu a mkazi anayankha mokoma, nthawi yomweyo m'galimoto munayamba kufunda. Apongozi anasuzumira pansi pa mpando, anasuzumira kumbuyo, n'kumukoda mwana wawo m'nthiti. "Iwe, Mercy ameneyu ndi wa kwa yani? Ndipo iwe ungokhala chete mwamuna wako akuuza mkazi wina kuti wazizidwa?"

Abusa anapempha kuti aidalitse, ndipo kudalitsa kwenikweni n'kukwera. Atafika pamalo oongoka, abwana anati aonetseko pang'ono. Galimotoyi imachoka poima kufika liwiro la 100 m'masekondi osakwana 5, popanda kubangula kokuchenjeza. Abusa anamatirira kumpando, magalasi ali pachipumi, Baibulo lili pachifuwa. "Imani! Imani, mkulu wa mpingo!" Abwana anaseka: "Abusa, si paja mumati tonse tikhale okonzeka kupita kumwamba?" Abusa anameza malovu. "Okonzeka inde. Koma chopereka cha dzulo sindinawerenge."

Pa raundabauti ina, wakabaza anaona matayala akumbuyo a EQS akukhota nawo limodzi ndi akutsogolo, paja amakhota mpaka madigiri 10. Anasiya kasitomala pamsewu, n'kuithamangitsa akuliza hutala mpaka anaipeza. "Bwana, imani! Matayala akumbuyo akufuna kuthawa!" Abwana anati ndi mmene anaipangira. Wakabaza anawayang'ana mwachisoni. "Onse ogulitsa amatero, bwana. Tsatireni, mlamu wanga ndi wowotcherera. Akawagwira ameneyo sadzagwederanso."

Wapolisi wina wapamsewu anaiimitsa. Laisensi ilipo, inshuwalansi ilipo, matayala atsopano, chozimitsira moto chilipo. Anaizungulira akukanda m'mutu. "Pondani moto tione utsi." Abwana anati ilibe utsi. Wapolisi anawerama kumbuyo, anafunafuna, n'kudzuka akumwetulira, buku lili kale m'manja. "Ndinadziwa ine kuti simungasowe kanthu. Kuyendetsa galimoto yopanda ekizosi."

Mbala nayo inayesa mwayi. Inalumpha mpanda usiku ndi paipi ndi chigubu, n'kukanganula kachitseko kaja. Mlonda, amene masiku ano sagona, anaipeza itagwada, paipi ili kukamwa, masaya ataphwa, maso ali psuu. Mbala sinathawe. Inalavula paipi n'kuloza nyumba. "Achimwene, theka la ola ndikuyamwa, olo dontho. Bwana woumira chonchi, inuyo amakulipirani koma?"

Uku foni yochokera ku Joni. Mphwake wa mdala dalaivala amasamalira maluwa kwa bwana wina ku Sandton, Johannesburg, ndipo bwana wakeyo ali ndi Porsche Taycan, yamagetsinso, mtundu unatuluka mu 2019. "Malume, kuno ndiye kuli misala. Munthu wagula galimoto yachete ndi ndalama zoti mungagule mudzi wonse, kenaka walipiranso zapadera kuti masipika azitulutsa phokoso ikamathamanga." Mdala anafunsa, "Ndiye iwe unangoonerera?" Mphwake anati, "Ayi, malume, ndinapempha ganyu. Ndinawauza kuti pa theka la mtengowo ndizikhala kumbuyo n'kumati vuuuum."

Ulendo wakunyanja. Atapatuka mumsewu wa M1 kupitirira Dedza n'kuyamba kutsika mapiri a ku Golomoti, mdala anachotsa phazi pamoto, galimoto n'kumadzigwira yokha. Anayang'ana pa sikirini: batire limene linali pa 40 lakwera kufika 43. Anatikita m'maso. Pofika kunsi lili pa 45. Anaimika pambali, n'kutembenuka nkhope ili ngwee. "Bwana, mavuto athu atha. Kuyambira lero tizipita kotsetsereka kokhakokha." Abwana anafunsa, "Nanga pobwerera?" Mdala anaganiza pang'ono. "Pobwerera tifunse anthu njira ina yotsetsereka."

Kumudzi, kumaliro a malume a abwana, galimoto inalowa pabwalo mwakachetechete mpaka nkhuku sizinasunthe. Madoda anaizungulira. Wina anafunsa za injini, anauzidwa kuti ilibe. Wina anafunsa za mafuta, anauzidwa kuti simwa. Onse anangoti "Hmm," n'kubwerera pansi pa mtengo. Nsima itapsa, gogo wina anatenga mbale, ndiwo zake nyama, n'kukaiika mwakabisira kuseri kwa galimoto. Anawerama n'kunong'ona: "Inu amene mumakankhanu, idyani msanga mwini wake asanaone. Kuchokera ku Lilongwe si pafupi."

Pofuna kuthetsa mphekesera za ndondocha, abwana anaitana amfumu ndi anthu awo n'kufotokoza bwinobwino. Magetsi ake ndi omwewa tonse timawadziwa, ochokera ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, opangidwa ndi madzi a mumtsinje wa Shire. "Ndiye kuti kwenikweni imayendera madzi," anatero amfumu, anthu n'kuwomba m'manja. M'mawa abwana anadzidzimuka ndi phokoso la ndowa. Adzukulu asanu ali pamzere, wamkulu wagwira fanulo pa kachitseko kaja. "Malume, a mu Shire kuno kulibe, koma a pamjigowa ndi okoma kuposa."

Batire litatsika, anafunsa ngati pali pena potchajira. Anawalozera kagolosale kolembedwa kuti TIMATCHAJA PANO K300, kasola kamodzi kali padenga. Mwini wake, mnyamata wodziwa ntchito, sanadabwe ngakhale pang'ono. Anang'amba kapepala, analemba dzina la abwana, n'kukamata pagalasi lakutsogolo kuti galimotoyo ingasokonekere ndi za makasitomala ena. Anayang'ana sola, anayang'ana galimoto, anawerengera pa zala. "Mtengo ndi womwewo, bigi, sitikondera. Mudzaitenge tikakolola."

Yomaliza ndi ya ulendo wa ku Blantyre. Mapepala akuti likadzaza batire limatha kupitirira makilomita 700, ndipo Lilongwe ndi Blantyre ndi 300 ndi kanthu basi. Vuto lake, ananyamuka lili pa theka. Pa Dedza abwana anathimitsa zoziziritsa. Pa Lizulu adona anagula thumba la kachewere, abwana n'kunena kuti katundu wolemera amadya batire, asankhe chimodzi, thumbalo kapena achimwene awo amene anakwera nawo. Adona anayang'ana thumba, anayang'ana achimwene awo. "Achimwene, inu minibasi mumaidziwa. Kachewereyu ndi mlendo."

Pa Ntcheu anathimitsa wailesi. Pa Chingeni analetsa aliyense kutsitsa galasi. Nkhani yafika kuno ndi yoti ali pa Zalewa, akudya chimanga chootcha, nthambo za magetsi zikudutsa pamwamba pawo. Awerengi, amene muli ndi ekisitenshoni yaitali, abwana akuibwereka.