Tsabola Wakale Amawawabe kwa Ndamera

Akuluakulu anati tsabola wakale sawawa. Mwambiwu timauponyera madala amene akufuna kuweruza nkhani za pa WhatsApp ndi malamulo a nthawi ya atsamunda. Koma ine ndimakayikira kuti amene anaupeka anali wolemba mayeso, kungoti anafulumira kubadwa MANEB isanatsegule maofesi ku Zomba.

Taganizani. Funso la mayeso ndi tsabola, ndipo mwana wa Sitandade 8 ndiye wolawa. Akagwetsa misozi, tinene kuti tsabola ndi kambuzi weniweni kapena lilime la mwanayo ndi lanthete? Mphunzitsi amene wangowonkhetsa mamalikisi n'kulemba 40 pa 100 sangayankhe. Mwina mwana ndi waulesi, mwinanso pepala la chaka chino linathiridwa tsabola ndi dzanja lolemera.

Mkangano umenewu anauweruza ndi katswiri wa masamu wa ku Denmark, Georg Rasch, m'buku lake la 1960. Iye anati tiyeze zinthu ziwiri pa sikelo imodzi: kuvuta kwa funso ndi luso la woyankha. Ziwirizi zikafanana, mwayi wokhoza funsolo ndi theka lenileni. Luso likaposa funso mwayi umakwera, funso likaposa luso umatsika. Kompyuta imayang'ana mayankho a ana masauzande, n'kuona funso limene lagwetsa ngakhale akadaulo ndi limene ngakhale wogona kumbuyo wakhoza, kenaka imapatsa funso lililonse nambala yake, mwana aliyensenso yake. Mu 1968 Allan Birnbaum anawonjezerapo za ongolotera. Pa funso la A, B, C, D, mwana amene wangotseka maso n'kuloza ali ndi mwayi umodzi pa inayi. Ndimamulemekeza mkulu ameneyu, zikuoneka kuti anatidziwa ena a ife tisanabadwe.

Musayese kuti ndi nkhani za kunja zokha. Kafukufuku wa SACMEQ, amene amayesa ana a Sitandade 6 m'mayiko a kummwera ndi kummawa kwa Africa pa kuwerenga ndi masamu, amagwiritsa ntchito njira ya Rasch yomweyi. Pa sikelo yake pakati ndi 500, ndipo mu 2007 Malawi ndi Zambia tinakhala moyandikana kumunsi kwa mndandanda, monga achibale ochezerana pa mkeka. Kuti ayerekeze chaka china ndi chinzake, amabwereza mwadala mafunso ena akale. Apa ndiye mwambi uja umaluma. Funso lakale limathandiza pokhapokha ngati likuwawa monga linkawawira. Likadziwika n'kulowezedwa ngati vesi la Sande sukulu, sikelo inena kuti ana achenjera pomwe ndi tsabola amene wasuluka. Tinaziona mu Novembala 2020, pamene mayeso a MSCE anaimitsidwa chifukwa mapepala anali atayenda kale m'mafoni, ana n'kukalembanso mu Januwale 2021. Tsabola ameneyo anakalamba asanathyoledwe n'komwe.

Tsopano tiyeni titsike chigwa, tidutse Chikwawa, Nchalo, Bangula, boma la Nsanje, mpaka kwa Ndamera, kufupi ndi chipata cha Marka kumene Malawi amathera. Kumeneko mwambi uja umagwa chagada. Tsabola wakale sawawa kwa amene anamulawapo. Mwana wa m'tauni amene makolo amugulira mtolo wa mapepala a zaka zapitazo, n'kumulipirira patitayimu, amalowa m'chipinda cha mayeso lilime litakhwima. Mnzake wa kwa Ndamera, amene pepala lakale limafika limodzi n'kumayenda kalasi yonse mpaka kung'ambika m'makona, amakumana ndi funso lomwelo likadali laukali ngati lathyoledwa m'mawa.

Akatswiri ali nalo dzina la vuto lofanana ndi limeneli, amati DIF. Amatenga ana awiri a luso lofanana koma ochokera m'magulu osiyana, n'kuona ngati funso lina likukondera mmodzi. Mukafunsa za maloboti a pamsewu kapena chikepe chokwerera m'nyumba yosanja, mwayesa kwawo kwa mwana, osati mutu wake. Bwanji tsiku lina tifunse za liwiro la bwato lowoloka Shire madzi atakwiya, kapena mitolo ya mbatata yolimidwa ku dambo la Ndindi, tione ngati a ku Area 47 satuluka thukuta? Onjezani apo kuti mwana wa kwa Ndamera kunyumba amalankhula Chisena, m'makalasi oyambirira amaphunzira m'Chichewa, ndipo mayeso ambiri a PSLCE amalemba m'Chingerezi. Masamu asanawayambe, wawoloka kale mitsinje iwiri.

Palinso masamu ena amene amasiyanitsa gawo la mwana, la kalasi ndi la sukulu pa zotsatira. Amenewo ndi abwino, chifukwa amachotsa mlandu pamutu pa mwana n'kuugawa mwachilungamo. Koma kompyuta imadya chimene mwaipatsa. Simukaiuza kuti mu 2015, mu 2019 ndi namondwe Idai, ndi mu 2023 ndi Freddy, sukulu zambiri za ku Nsanje zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi, iyo ingolemba mwaulemu kuti luso la ana latsika. Siidziwa kuti kope linapita ndi madzi, kapena kuti m'kalasi mukugona agogo ndi nkhuku zawo.

Choncho ine sindikangana ndi Rasch, masamu ake ndi oongoka. Pempho langa lipite kwa olemba mayeso ndi a Unduna wa Zamaphunziro: mafunso atsopano muziyamba mwawalawitsa ana a kwa Ndamera musanawapatse nambala, ndipo mapepala akale muziwatumiza ku sukulu zonse mpaka ku Marka, okwanira kalasi yathunthu.