Botolo linali langa, chilango chinagwera timu

Nkhani iyi akuidziwa ndi a komiti ya masapota a timu yathu okha, pamodzi ndi mlongo wanga, mwana wake ndi makolo a mnyamata amene ndinamugenda. Pa masewero ena omwe anathera panjira, timu yathu n'kulipitsidwa chindapusa komanso kulamulidwa kusewera pakhomo popanda oonerera, botolo loyamba kugwera m'bwalo linachoka m'dzanja langa. Timuyo sinditchula dzina chifukwa sinalakwe. Wolakwa ndine.

Tsikulo sindinalawe mowa. Ndikunena izi chifukwa ambirife tikapalamula ku mpira timanamizira chakumwa. Ndinali bwinobwino, nditavala jezi yanga, ndipo ndinatenga mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa ku pulayimale yemwe anali asanapondepo m'bwalo lalikulu. Mayi ake poyamba anakana. Anandikumbutsa za pa 6 Julaye 2017, pomwe anthu 8, ambiri mwa iwo ana, anafa popondana pa geti la Bingu National Stadium ku Lilongwe. Nditachonderera, anangoti, "Achimwene, mundibwezere mwana wanga monga mwamutengera." Ndinalonjeza.

Chigawo chachiwiri chili mkati, zigoli zili chimodzi kwa chimodzi, wakutsogolo wathu anasumbira mpira mu ukonde. Tonse tinadumpha. Potsika pansi tinaona lainzimani ataimika mbendera. Kunena zoona, pomwe ndinakhala ine sindikanatha kuona ngati inali ofusaidi kapena ayi. Koma anthu ondizungulira anali kukuwa kuti refa wadya ndalama, nanenso mtima unandiwira. M'manja ndinali ndi botolo la madzi lomwe ndinagulira mwana uja. Ndinaliponya. Silinafike kwa lainzimani. Linamenya paphewa kamnyamata kotola mipira komwe kanakhala m'mbali mwa bwalo, ndipo kanadzigwira n'kugwada.

Zimene zinatsatira zinachitika mothamanga. Mabotolo ena anayamba kugwa, kenako miyala. Oyimbira onse anathawira pakati pa bwalo, apolisi n'kuwazungulira. Posakhalitsa utsi wokhetsa misozi unatipeza, khamu lonse n'kuthamangira geti limodzi. M'chipiringu chimenecho dzanja la mwana uja linandipulumuka.

Ndinamuitana mpaka mawu kutha, maso akuwawa, ndikupunthwa pa nsapato zomwe anthu anataya pothawa. Ndinazungulira kunja kwa mpanda ndikufunsa aliyense wovala yunifolomu. Ndinakamupeza kuseri kwa bwalo, atakhala pafupi ndi mbaula ya mayi wina wogulitsa zigege. Mayiyo anali atanyowetsa nsonga ya chitenje chawo n'kumamupukuta m'maso. Atandiona anati, "Bambo, mwanayu ndi wanu? Mumawatenga ana kudzawaonetsa zimenezi?" Ndinathokoza ndili chowerama. M'minibasi mwanayo sanayankhule mpaka titatsala pang'ono kutsika, pomwe anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Amalume, munamugenda chifukwa chiyani mnzanga uja?" Anali ataona zonse.

Chigamulo ndinachimvera pa wailesi. Mapointi anapita kwa alendo, timu yathu inalipitsidwa ndalama, ndipo masewero otsatira a pakhomo anati achitike mageti ali otseka. Pa siteji ya minibasi ndi ku malo ometera anthu anali kutukwana akuluakulu oyendetsa ligi. Ankati osewera sanagende munthu, mphunzitsi sanagende munthu, nanga timu ikulangidwa bwanji? Ine ndinali kungokhala duu, ndikudziwa kuti munthu amene akumusowayo ali pakati pawo pomwepo.

Lamulo loti timu iziyankha pa zochita za oitsatira si la kuno kokha. Lili m'malamulo a chilango a FIFA, ndipo mabungwe a mpira m'maiko amalitsata. Chifukwa chake n'chomveka. Refa sangaloze munthu mmodzi pakati pa zikwi za anthu, koma akudziwa mbali yomwe miyala yachokera. Timu ndiyo imakonza za chitetezo pamasewero ake, ndiyo imadziwana ndi atsogoleri a masapota, ndiyo ili ndi adiresi yoti kalata ikafikeko. Akuluakulu anati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, ndipo kwa ife zinapotadi timu.

Kale ndinkaona ngati akuluakulu a mpira amakokomeza akamalanga anthu chifukwa cha botolo la pulasitiki. Nditafufuza ndinachita mantha. Pa 9 Meyi 2001 ku Accra, m'dziko la Ghana, masewero a Hearts of Oak ndi Asante Kotoko akupita kumapeto, masapota okwiya anayamba kuponya mabotolo ndi mipando m'bwalo. Apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi, anthu anathamangira kotulukira, ndipo oposa 120 anafa popondana. Ndondomeko yake ndi yomwe ija ndinaiona ndi maso anga: botolo, utsi, geti. Kwathu konkuno, mu Disembala 2013, masewero a Silver Strikers ndi Mighty Wanderers ku Balaka anathera m'chipolowe ndipo munthu anataya moyo. Ife tinangopulumuka mwa chisomo.

Tsiku la masewero otseka mageti ndinapitabe ku bwalo, ndipo mpaka lero sindidziwa chomwe ndinkafunako. Ndinaima kunja kwa mpanda ndi foni yanga, ndikumvera wailesi. Wenzulo ya refa inkamveka mpaka kumsewu, pamodzi ndi mawu a mphunzitsi akukalipira otchinga kumbuyo. Kunalibe ng'oma, kunalibe vuvuzela, kunalibe wowadzutsa anyamata athu atatopa. Tinagonja kwa timu yomwe nthawi zonse imanjenjemera ikafika pakwathu. Dziko lonse linaona zofanana ndi zimenezi mu 2020, mliri wa Covid-19 utatseka mabwalo: matimu ambiri ankasewera pakhomo ngati ali koyenda.

Chomwe chinandipweteka koposa chinali kunja kwa mpandako. Mayi a zigege aja anabwera ndi mbatata ndi ufa wawo chifukwa uthenga sunawapeze, ndipo madzulo anabwerera nazo. Akabaza anali atatsamira njinga zawo pamthunzi. Ogulitsa mbendera, mipango ndi chimanga chootcha sanaoneke n'komwe. Ndalama za pageti zimagawidwa pakati pa matimu awiri, eni bwalo, achitetezo ndi mabungwe oyendetsa mpira, ndipo kwa timu yopanda kampani yoithandiza, gawo lakelo ndilo limagula mafuta a basi ndi kulipira kangachepe ka osewera akapambana. Munthu amene amasunga ndalama sabata yonse kuti adzalowe pageti Loweruka ndiye amanyamula mpira wathu. Ine ndinamutsekera panja, pamodzi ndi mayi amene anapulumutsa mwana wa mlongo wanga.

Nditalephera kugona masiku angapo, ndinapita kwa wapampando wa komiti ya masapota, bambo wachikulire amene wakhala akuimba ng'oma ku timu yathu kuyambira ndisanabadwe. Ndinawafotokozera zonse. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Mwachita bwino kubwera, achimwene. Koma tsiku lija munali ndi anthu kumanja ndi kumanzere. Panalibe ndi mmodzi yemwe wokugwirani dzanja?" Panalibe. Ena anachita kundiwombera m'manja. Komiti inagamula kuti ndisaonekenso ku bwalo mpaka ligi itatha, ndiponso kuti ndikapepese kwa makolo a mnyamata wotola mipira uja. Ndinapita, ndipo bambo ake anandilandira mwaulemu umene sunali wondiyenera. Kuuza mlongo wanga kunali kovuta kuposa zonsezi.

Chilango cha komiticho ndi chomwe ndikuona kuti chinali cholunjika, chifukwa chinagwa pa mwini mlandu. Kutseka bwalo kumagwera aliyense. Pambuyo pa ngozi ya ku Heysel mumzinda wa Brussels pa 29 Meyi 1985, pomwe anthu 39 anafa masewero a Liverpool ndi Juventus asanayambe, matimu onse a ku England analetsedwa m'mipikisano ya ku Ulaya kwa zaka 5. Everton, yomwe inali itangotenga ligi ndipo sinali ku Brussels, inatsekeredwa limodzi. Ku Egypt, anthu 74 atafa ku Port Said pa 1 Febuluwale 2012, ligi inatha zaka zingapo ikuseweredwa m'mabwalo opanda anthu. Imfa zochuluka chotero zinkafunadi dzanja lolemera. Koma ku England komweko anadzaphunzira kusaka munthu weniweniyo pogwiritsa ntchito makamera ndi matikiti odziwika mwini wake, khothi n'kumuletsa iye yekha kufika ku mpira kwa zaka zingapo.

Ife mwina sitingakwanitse makamera m'bwalo lililonse, koma timadziwana. Amene amakhala mbali ya ng'oma amadziwa yemwe amabwera ndi miyala m'thumba. Ndikupempha mabungwe oyendetsa mpira a FAM ndi SULOM kuti apitirize kulipitsa matimu, chifukwa popanda chindapusa palibe timu ingalabadire za chitetezo, koma kutseka mageti kukhale chilango chomaliza, chodza timu ikakana kupereka maina a opalamula. Matimu nawonso apatse makomiti a masapota mphamvu zenizeni zoletsa munthu kulowa, osati kuwakumbuka pa nthawi ya zisankho pokha.

Chiletso changa chitatha ndinapempha kuti ndizithandiza achitetezo a timu, ndipo anandilola. Tsopano ndimavala chovala chowala cha achitetezo n'kuima chofulatira bwalo, maso ali kwa anthu, moti zigoli zambiri ndimazidziwira pa phokoso. Ndikaona munthu akukweza botolo ndimamufikira n'kumugwira mkono, ndipo akafuna kudziwa chifukwa chake ndimamuuza za mnyamata wotola mipira uja. Ena amanditukwana, koma ambiri amatsitsa dzanja.