Roma wa Maola Asanu

Pa pepala lotsatsa ulendo amalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti ROMA. Pambali pake, mu tizilembo tofuna mandala, pamakhala dzina lina: Civitavecchia. Limeneli ndiye doko limene sitima zikuluzikulu zapamadzi zonyamula alendo zimakochezapo m'mawa n'kunyamukanso madzulo a tsiku lomwelo. Roma weniweniyo ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 80 kuchokera pamenepo. N'chimodzimodzi kukutsitsani pa Dedza n'kukuwomberani m'manja kuti takulandirani ku Lilongwe.

Agogo ena aakazi anadzuka m'mamawa sitima itakocheza, anatsegula katani n'kuona makontena, malole ndi makina onyamulira katundu. Anaitana mnyamata wokonza m'chipinda.

"Mwanangu, nyumba ya Papa ndi iti pamenepa?"

"Agogo, mukatsika mukwere basi ya padoko. Mukatsika imeneyo mukwere ina yopita kusiteshoni. Kenako sitima yapamtunda, ola limodzi ndi kanthu."

"Ndiye kuti sitima yathuyi yasochera?"

"Ayi agogo, ife tafika. Roma ndi amene ali kutali."

Musaganize kuti chinyengochi n'cha ku Italy kokha. Akalemba kuti Paris, sitima imaima ku Le Havre, makilomita pafupifupi 200 kuchokera mumzindawo. Akalemba kuti Berlin, muli ku Warnemünde, ndipo mutenthetsa mpando maola pafupifupi atatu kupita, atatunso kubwerera. Florence wawo ndi Livorno. Ofuna wom'loza chala pa nkhani ya Civitavecchia akafunse mfumu Trajan, amene anamanga dokoli kumayambiriro kwa zaka za m'ma 100. Mwatsoka, ofesi yake yolandira madandaulo inatsekedwa kalekale.

* * *

Njira zolowera mumzinda zilipo zitatu, ndipo iliyonse ili ndi matenda ake. Basi ya kampani ya sitima imaboola m'thumba, koma ikachedwa kubwerera kaputeni amaidikira. Takisi imaboola m'thumba ndipo palibe woidikira. Sitima yapamtunda njotsika mtengo, njanji yake inatsegulidwa mu 1859 m'nthawi ya Papa Pius IX, ndipo ndi imene imakopa abambo onse odziwa kusamala ndalama.

Bambo wina wotere anauza mkazi wake kuti: "Mayi, ndalama zonsezi chifukwa cha basi? Ife tikwera ya panjanji. Muone zimene tipulumutse."

Matikiti anagula bwinobwino. Chimene sanadziwe n'chakuti ku Italy tikiti yapepala ya sitima zoima paliponse imayenera kudindidwa pa kamakina ka pasiteshoni munthu asanakwere. Kondakitala atafika anaitembenuza tikitiyo uku ndi uku n'kupukusa mutu.

"Koma ndagula!" anatero bamboyo.

"Kugula mwagula, bwana. Kudinda ndiye simunadinde."

Chindapusa chinalipidwa, cha anthu awiri. Mayi aja sananene kanthu. Anangoyang'ana pawindo, nyanja ikudutsa, minda ikudutsa. Atatsika pa Roma San Pietro anakonza mpango wawo n'kufunsa mwaulemu wonse: "Abambo, ndiye tapulumutsa zingati pofika pano?"

Funso limeneli analifunsanso pa ayisikilimu, pa chimbudzi cholipiritsa, ndiponso pamene bamboyo anakhala pampando m'kanyumba ka khofi osadziwa kuti khofi womwera chiimire pakauntala ndi womwera pampando ali ndi mitengo iwiri.

* * *

Tchalitchi cha Petulo Woyera salowa munthu mawondo ndi mapewa zili pamtunda. Alonda apakhomo samva za kuti mwachokera kutali kapena kuti sitima yanu inyamuka madzulo. Bambo wina wakwathu kuno wokhala ku Britain, amene moyo wake wonse ankalalikira kuti chitenje n'cha akazi, anafika atavala kabudula wofupika. Anaima pamzere padzuwa mpaka kufika kutsogolo, ndipo mlonda anangoloza mawondo aja osayankhula. Ogulitsa nsalu m'misewu yapafupi amadya chifukwa cha anthu otere. Mkuluyo anagula nsalu yamaluwamaluwa, mkazi wake anam'manga m'chiuno monga mwa mwambo, analowa akuyenda timasitepe tating'ono.

"Mayi, foniyo ibwezeni m'chikwama."

"Ndikujambula denga, abambo."

Asanatuluke m'tchalitchimo, dengalo linali litafika kale pa WhatsApp ya banja, ndipo alamu ake anali atafunsa ngati nsaluyo ilipo ya mtundu wobiriwira.

* * *

Michelangelo anatha zaka zinayi, kuyambira 1508 mpaka 1512, akujambula denga la Sistine Chapel. Mlendo wapasitima amalipatsa mphindi khumi, ndipo zisanu mwa izo amakhala akuyang'ana wotchi. M'chipindamo saloleza kujambula kapena kuchita phokoso, moti phokoso lalikulu limene mungamve ndi la alonda akukuwa kuti anthu akhale chete.

Izitu ndi za amwayi amene alowa. Nyumba zosungiramo zinthu zakale za ku Vatican, kumene njira yopita ku dengali imadzera, zimatseka Lamulungu. Zimangotsegula Lamulungu lomaliza la mwezi, pomwe kulowa kumakhala kwaulere ndipo mzere umazungulira mpanda. Mphunzitsi wina wopuma ntchito anali atakonza ulendo wake papepala, ola ndi ola, ndi cholembera chofiira. Sitima inakocheza Lamulungu lachiwiri. Anaima pachipata chotseka, anawerenga chikwangwani kawiri, kenako anatulutsa pepala lija n'kuchonga.

"Mwachonga bwanji musanaone?" anafunsa mnzake.

"Ndinalemba kuti kufika. Sindinalembe kuti kulowa."

* * *

Masiku ano ngakhale kutopa kuli ndi mtengo. Kuyambira 2019, kukhala pansi pa masitepe otchuka aja a ku Piazza di Spagna n'kulakwira lamulo, ndipo apolisi amaimba wezulo munthu akangopinda mawondo. Mayi wina amene anali atayenda wapansi kuchokera ku Colosseum anafika pamenepo miyendo itatupa, n'kudzigwetsa pa sitepe yoyamba. Wezulo inalira. Anaimirira, anakwera masitepe atatu, anakhalanso. Inaliranso.

"Achimwene," anatero kwa wapolisiyo, "ingondiuzani sitepe imene simuionayo."

* * *

Koma mutu weniweni wa ulendowu ndi pobwerera. Sitima ikamanyamuka 7 koloko madzulo, aliyense amayenera kukhala atakwera pofika hafu pasiti sikisi, ndipo kuyambira nkhomaliro mlendo aliyense amakhala akuchotsera m'mutu: ola ndi theka la panjanji, mphindi za basi, mphindi za mzere wapachipata. Pa siteshoni yaikulu ya Termini pali msampha wake. Sitima zopita ku Civitavecchia kawirikawiri zimanyamukira ku mapulatifomu a kumapeto kwenikweni, a nambala 25 mpaka 29, ndipo kuchokera pakhomo la siteshoni kukafika kumeneko ndi ulendo wina pawokha, wa mphindi ngati khumi. Munthu amalowa mu Termini akumwetulira kuti wafika nthawi ilipo. Mukam'peza pa pulatifomu 24 ali wefuwefu, chipewa m'manja, akuitana mkazi wake ndi dzina la paubwana.

Ine ndimati aliyense wofuna kudziwa ngati banja lili lolimba asamafunse ankhoswe. Akaime pamenepo 4 koloko masana aone amene amatembenuka kudikira mnzake.

Ndiye pali sitalaka. Ogwira ntchito panjanji ku Italy akafuna kunyanyala ntchito amalengezeratu, ndipo pa masiku a ntchito lamulo limateteza sitima za m'mawa kuyambira 6 mpaka 9 koloko ndi za madzulo kuyambira 6 mpaka 9 koloko, kuti anthu apite kuntchito n'kubwerera kwawo. Dongosolo labwino ndithu, kwa munthu wokhala ku Roma. Mlendo wapasitima amapita mumzinda m'mawa mosavuta, osadziwa kanthu, n'kudzamva nkhaniyi masana pabolodi podzaza mawu ofiira.

Bambo wina anathamangira kwa wantchito wa pasiteshoni.

"Pepani bambo, ya ku Civitavecchia inyamuka nthawi yanji?"

"Ikakwana 6 koloko."

"Koma yathu yapamadzi inyamuka 7!"

Wantchitoyo anaganiza pang'ono, mwachifundo ndithu. "Auzeni nawonso achite sitalaka."

Tsiku lotere ndi limene anthu osadziwana amasanduka pachibale. Mjeremani, Mbrazil ndi agogo awiri a ku Japan amapanikizana mu takisi imodzi, aliyense atanyamula chikwama cha mnzake pamiyendo, onse akuyang'ana mita ndi wotchi mosinthanasinthana. Akafika padoko amakumbatirana. M'mawa mwake akakumana pa chakudya sadziwananso.

* * *

Mmodzi yekha ndiye anabwerera msanga, ndipo anakwiya nazo. Sitima inali itachokera ku Greece, kumene nthawi ili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi Italy, ndipo mkuluyo sanabweze wotchi yake. Anasiya mbale ya pasta ili pakati, anathamanga Termini yonse, anafika pachipata cha sitima thukuta lili kamukamu akukuwa kuti dikirani. Mlonda anamuyang'ana n'kuyang'ananso doko lopanda munthu.

"Takulandirani, bwana. Ndinu woyamba."

Usiku wonse ankauza aliyense wokhala naye patebulo za pasta ija.

* * *

Nthawi yonyamuka ikayandikira, amene anakwera kale amatuluka pamakhonde a zipinda zawo, tambula m'manja, kudzaonerera. Pa chimkuzamawu pamamveka mayina awiri kapena atatu, akupemphedwa mwaulemu kuti aonekere ku ofesi. Aliyense amadziwa kuti eni mayinawo sali m'sitimamo. Kenako kumapeto kwa doko kumatulukira kadontho, kakukula, kali ndi zikwama zamusitolo m'manja monse, ndipo sitima yonse imayamba kuchemerera. Mavidiyo a othamanga otere adzaza pa YouTube. Akalephera, mapasipoti awo ngati apezeka amasiyidwa kwa wothandizira kampaniyo padoko, ndipo ulendo wokakumana ndi sitima pa doko lotsatira amalipira okha.

Mayi wina anatsalira m'sitolo ya nsapato mwamuna wake atatsogola. Makwerero akuchotsedwa, wantchito anafunsa bamboyo kuti: "Bwana, mutsika kuti mukhale ndi mayi?"

Bamboyo anayang'ana doko, anayang'ana kumene kunali chipinda chodyera.

"Chakudya chamadzulo ndinalipira kale."

Akuti mayiwo anawapeza ku Naples m'mawa mwake, atavala nsapato zatsopano zija. Zimene zinakambidwa m'chipindamo sizinalengezedwe pa chimkuzamawu, koma oyandikana nawo sanafunikire chimkuzamawu.

* * *

Alipo ena ochenjera amene sapita n'komwe. Amatsika, amazungulira linga lakale la padoko lotchedwa Forte Michelangelo, limene linayamba kumangidwa mu 1508, amadya pizza pafupi ndi nyanja, n'kubwerera kukagona masana. Kunyumba akawafunsa amayankha mosanama kuti Michelangelo anamuona. Tauniyi inazolowera kunyozedwa. Wolemba mabuku wa ku France, Stendhal, anatumizidwa kumeneko mu 1831 kukaimira dziko lake, ndipo anatopa nako kwambiri moti ankangopezera zifukwa zothawira ku Roma. Iye analibe kaputeni womuwerengera mphindi.

Antchito a m'sitima ndiye ali ndi Roma wawowawo. Mnyamata wina woperekera zakudya anafunsidwa ndi mlendo kuti, pakuti amabwera kuno sabata iliyonse, malo abwino kuona ndi ati.

"Bwana, mukatuluka pachipata mukhotere kumanja. Pali sitolo ya sopo wotchipa, ndipo intaneti yake safunsa pasiwedi."

* * *

Basi nambala 64, yoyenda pakati pa Termini ndi siteshoni ya San Pietro, imadziwika ndi opisa m'matumba. Bambo wina anachenjezedwa za iyo asanatsike sitima, choncho ulendo wonse anagwira chikwama cha ndalama ndi dzanja lamanja, lamanzere atagwira chitsulo. Potsika chikwama chinalipo. Wotchi ya kudzanja lamanzere ndi imene inapita. Foni anali ataisiya m'chipinda poopa akuba omwewo.

Anadandaula pang'ono, kenako china chake chinamasuka m'thupi mwake. Anayenda pang'onopang'ono. Analowa mu Pantheon n'kuyang'anadi kumwamba. Anadya nkhomaliro atakhala pansi mpaka mbale kuyera. Mwa anthu masauzande amene anatsika sitima ija, ndi yekhayo amene anamuona Roma tsiku limenelo. Chakumadzulo anafika pa kasupe wa Trevi, amene anamalizidwa mu 1762, kumene alendo amaponya khobidi chakumbuyo pokhulupirira kuti wotero adzabweranso ku Roma. Ndalama zimenezi zimapitirira mayuro 1 miliyoni pachaka ndipo zimapita ku bungwe la Caritas kukathandiza osauka. Mkuluyo anaponya lake ndi mtima wonse, kenako anafunsa munthu wina nthawi.

Anafika ku Civitavecchia sitima ikuoneka kumbuyo kokha. Wothandizira kampani anam'patsa pasipoti yake n'kumulangiza kuti akwere ya panjanji, akagone mumzinda, mawa alawirire ku doko lotsatira. Cha m'ma 10 koloko usiku anatsikanso pa Termini, napita kwa wapolisi woyamba amene anamuona.

"Bwana, kasupe uja ndani amamuyang'anira? Ndikufuna ndikawauze kuti mankhwala awo ndi amphamvu, koma achepetseko liwiro."